Ndinakwera Thiraki Imodzi ndi Sajeni

Kwathu ndi kwa Nthache. Malire a Mozambiki ali pafupi moti nthawi ya nkhondo yawo tinkamva mizinga tikupalira chimanga, koma ine ndinali ndisanapondeko mpaka chaka chimene tinasankha boma latsopano. Chinandipititsako ndi achimwene anga, a Damiano.

Achimwenewa anathawa kwathu nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mlandu wawo unali wa pakamwa. Tsiku lina pamsika wa pa Boma, anyamata a chipani, aja ankaima pageti kufunsa makhadi, anauza alamu anga kuti agule makhadi awiri popeza anali oyembekezera. Achimwene anafunsa kuti kodi mwana wosabadwa walowa liti chipani. Anthu anaseka. M'mawa mwake anyamata aja anafika pakhomo, patsogolo pali wina amene anthu ankamutchula kuti Sajeni ngakhale sanali msilikali. Anawamangirira achimwene kumtengo wa mango n'kuwakwapula ndi tcheni cha njinga, mayi athu akuona, ine ndikuona. Pochoka ananena kuti abweranso ndi galimoto. Achimwene sanadikire galimotoyo, anadzera m'mapiri. Panadutsa zaka zoposa khumi osamva kanthu, mpaka alamu anakwatiwanso.

Uthenga unabwera kudzera mwa mayi wina wa ku Mozambiki amene anakhala m'mudzi mwathu pothawa nkhondo. Atabwerera kwawo anawapeza achimwene ku Moatize, kumigodi ya malasha, akudwala chifuwa, opanda wowapatsa madzi. Mayi athu anali atakalamba. Wopita anali ine.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lake mukulidziwa. Mnansi wathu anandinyamula pa njinga mpaka pa Boma, kuchoka apo ndinayenda wapansi kukafika pa chipata cha pamalire cha Mwanza. Pamenepo ndinapeza mzera wa mathiraki wosaoneka pothera, madalaivala atagona pansi pa magalimoto awo. Bwana wodinda ziphaso anali atapita kukamwa tiyi. Atabwera, chidindo chinalibe inki. Inki itapezeka, anayamba ndi anthu a mapasipoti, ife a ziphaso za pamalire tidikire. Osintha ndalama ankandizungulira ngati ntchentche, aliyense akunena kuti mnzakeyo ndi wakuba. Ndinasintha kwa wamkulu wina wa imvi, ndipo anandipatsa mpukutu wa mapepala a ku Mozambiki waukulu moti sunkakwana pamfundo ya chitenje. Ndinadziona wolemera, mpaka nditamva mtengo wa bisiketi ku Zobue, mbali ya Mozambiki ya chipatacho.

Basi kunalibe tsiku limenelo. Mwayi wanga unali woti ndinakumana ndi a Amidu, mwana wa a sitolo ina pa Boma, amene ankagula manachesi anga nyengo yake ikafika. Ankayendetsa thiraki yopita ku Harare.

"Amayi a manachesi! Mpaka kunja?" anatero. "Kwerani. Koma mukhala kumbuyoko pa bedi, mpando ndapatsa kale abambo awa."

Abambowo anali a Zembani, katekisiti wokalamba amene ankapita ku Tete kukaona mwana wawo wamkazi. Anali ndi chipewa cha mlaza ndi jumbo ya mtedza.

Ku Zobue ndi kumene mantha anandiyamba. Asilikali ake anali atakoleka mfuti ngati zikwama. Wina anatenga chiphaso changa, nandifunsa m'Chipwitikizi, ine n'kungoyankha kuti inde. Anafunsanso mokweza, ine indenso. A Amidu anabwera kudzandiombola ndi Chinyungwe chawo chothyokathyoka. Kenako anandiuza akuseka kuti munthuyo amafunsa ngati ndanyamula chida. Ine sindinaseke. Ndinkafuna kupita kuchimbudzi, koma chinali kuseri kwa nyumba ya asilikaliwo, ndiye ndinati ndipirira.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Msewu unali wa maenje, m'mbali muli zigoba za magalimoto otenthedwa pa nkhondo. Titangoyenda pang'ono, a Zembani anayamba nkhani imene masiku amenewo inkabuka paliponse pamene pakhala amuna awiri, yoti kodi chinagwetsa mtsogoleri wamuyaya uja n'chiyani. Dzina lake sankalitchula. Ankangoti nkhalamba ija.

"Kalata ya maepiskopi, basi," anatero a Zembani. "Ine ndinali m'tchalitchi tsiku limene inawerengedwa. Bambo mfumu akuwerenga, ife kupuma osapuma. Munthu kunena poyera kuti m'dziko muno anthu akusowa, aphunzitsi akuvutika, wolankhula akumangidwa! Nkhalamba ija inagwa Lamulungu limenelo. Zotsatirazo kunali kungodikira kuti ifike pansi."

"Aaa, abambo, pepala?" anatero a Amidu. "Ine ndimayenda m'misewu, ndimaona. Azungu ankamusunga chifukwa ankaopa chikomyunizimu cha kunoku. Chitatha chimenecho anamutaya ngati tayala lotha. Anatseka thandizo, dizilo anasowa, mankhwala m'zipatala anasowa. Boma lopanda dizilo ndi boma?"

"Nanga antchito a m'mafakitale aja anawomberedwa mumsewu ku Blantyre, anatumidwa ndi azungu?"

"Anatumidwa ndi m'mimba."

"M'mimba munayamba kuwawa chaka chimenecho? Zaka zonse zija ankakhuta? Chinawatsegula pakamwa ndi kalata!"

Ankakangana mokoma, uku akupatsirana mtedza. Ine kumbuyo kuja mtima unali phaphapha. Ndinakula ndikudziwa kuti nkhani yotere imathera kumtengo wa mango, ndipo ngakhale tinali m'dziko la eni, ndinkangoyang'ana pawindo ngati wina wakakamira pachitseko akumvetsera.

Pa mphambano ya Mussacama bambo wina anatiimitsa. Anali wowonda, wa ndevu zosameta, atanyamula thumba lalitali la chiguduli lomangidwa ndi luzi. Anapereka moni m'Chichewa cha kwathu chenicheni, ndipo a Amidu anati munthu wakwanu sumusiya pamsewu. A Zembani anasendera. Bamboyo anakhala kutsogolo kwanga, thumba lija ataliimika pakati pa miyendo. Pamene ankaliika pansi munalira chitsulo.

Ndinayamba kuona khutu. Khutu lake lamanzere linali lodukira pamwamba, ngati linalumidwa. Kenako anakhosomola pang'ono asanalankhule, monga ankachitira kale asanafunse khadi. Anali Sajeni.

Ndinakokera mpango kumaso n'kudziphatika pakona. Tonse tinkadziwa kuti asilikali a kwathu atawathamangitsa anyamata a chipani m'makampu mwawo, ambiri anathawira ku Mozambiki ndi mfuti, ndipo mphekesera inali yoti akukonzekera kubwerera. Ndinafuna kuwatsina a Amidu kuti amutsitse, koma ndinaopa kuti angandione.

A Zembani, osadziwa kanthu, anamukokera m'nkhani. "Achimwene, tiweruzeni. Awa akuti nkhalamba ija inagwetsedwa ndi azungu, ine ndikuti ndi kalata ya maepiskopi. Inu mukuti bwanji?"

Sajeni anayang'ana msewu.

"Palibe anawagwetsa," anatero. "Kalata ija tikanaithetsa sabata imodzi akanatilola. Za azunguzo, si koyamba kutiopseza. Mkulu uja anaperekedwa ndi anthu ake omwe, amene ankadya nawo patebulo. Ataona kuti wakalamba ndipo akudwala, aliyense anayamba kuyang'ana mpando. Anatimanga manja. Kenako anatitumizira asilikali, mwini dziko ali pa bedi la chipatala. Akanakhala ndi mphamvu zawo zakale, inu simukanalankhula chonchi m'galimoto muno."

Mawu oti "tikanaithetsa" anamveka bwino kwa aliyense. A Zembani anasiya kutafuna. A Amidu anasintha giya pamalo posafunika kusintha, nayamba kunena za maenje a mumsewu.

Tisanafike pa Kambulatsitsi, kutsogolo kunamveka phwaa, kenako utsi woyera. A Amidu anaimika thiraki pakati pa tala penipeni, osapatukira kumbali. Atasuzumira mu injini anati lamba wa fani waduka ndipo wapadera analibe.

"Mverani bwino," anatero. "Asapezeke wotsika pa tala. Mukuiona miyala yopaka utoto wofiirayo? Kuseri kwake kuli mabomba okwirira. Kaya mwatopa, kaya chiyani, zonse pa tala pompano."

Magalimoto ankadutsa mwa apo ndi apo, ndipo ambiri sankaima. Imene inaima inali kapikapu kodzaza mbuzi, kolowera ku Zobue. A Amidu anati kumeneko akudziwako makaniko, nakwera pamwamba pa mbuzi. Ndinafuna kukuwa kuti nditengeni, ndibwerera kwathu, koma ndikanati chifukwa chake n'chiyani, mwini wake ali pomwepo? Ndinangoona kapikapu kaja kakuchepa mpaka kusowa.

Tinakhala mumthunzi wa thiraki, tala akutentha ngati chiwaya. Kunalibe nyumba, kunalibe munthu, koma nyenje zokha kulira. Ine ndinakhala cha kutayala lakumbuyo. Sajeni anakhala pakati, thumba lake lili pamiyendo. A Zembani, pofuna kuti mtima wa munthuyo ukhale pansi, anayamba kucheza za kumudzi. Anamufunsa kwawo, iye anati cha ku Kunenekude.

"Ndiye ndinu anansi ndi amayi awa!" anatero a Zembani. "Awa ndi a kwa Nthache. Akukatenga achimwene awo ku Moatize, anathawa kalekale. Munati dzina lawo ndani, amayi? A Damiano eti?"

Zimenezi ndinali nditawauza ndekha a Zembani tili pa chipata. Ndinafuna nthaka itseguke.

Sajeni anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. "Damiano wamtali uja? Wa mwana wosabadwa?"

A Zembani anayang'ana ine, nayang'ana iye, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anapisa m'thumba n'kutulutsa korona, nayamba kupemphera milomo yokha.

Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Sajeni ankaseweretsa luzi la thumba lake, kulimasula, kulimanganso. Ine ndinkaganiza kuti mboni ya zimene anachita ndi ine, ndipo kuno kulibe wondifunsa. Akhoza kundiponya kuseri kwa miyala yofiira n'kunena kuti ndinapita ndekha. Komanso chikhodzodzo chinali chitafika poti sindingathenso. Cha kumbuyo kwa thiraki ndinaona kanjira kolowera ku mlambe wina, ndipo pamenepo panalibe mwala wofiira ngakhale umodzi. Ndinati ndikafika kuseri kwa mlambewo ndidzithandiza, kenako ndibisala mpaka a Amidu atabwera.

Ndinadzuka mwakachetechete. Nditangoponda dothi, ndinamva nsapato zikuthamanga pa tala kumbuyo kwanga. Ndinayamba kuthawa. Sindinapite patali. Dzanja linandigwira pamkono ngati mbano, linandikoka chammbuyo n'kundigwetsera pa tala, bondo n'kuchubuka.

"Musandiphe! Ndili ndi ana, musandiphe!" ndinakuwa.

"Khalani pomwepo!" Sajeni anali wefuwefu, maso ali psuu. "Mwapenga? Miyala ya apa inakokoloka ndi mvula. Kanjira kameneka kanadula miyendo mnzanga, tinamunyamula pa chitseko. Anafera m'njira."

Ndinayang'ana pamene ndinaponda. Mapazi anga ankaoneka bwinobwino padothi, ndi ake pambali pake. Zimene ndinkafuna kukachita kuseri kwa mlambe zinali zitachitika kale pomwepo. A Zembani anabwera ndi botolo la madzi, naliika pambali panga, ndipo amuna awiriwo anapita kutsogolo kwa thiraki n'kundifulatira mpaka nditasintha chitenje.

Nditabwerera mumthunzi, Sajeni anakhala patali pang'ono. Anafunsa osandiyang'ana.

"Kumudziko akuti chiyani za ife? Akumanga?"

"Sindidziwa," ndinatero. "Ena anabwerera, akulima."

"Osawachita kanthu?"

"Anthu sawapatsa moni. Basi."

Anagwedeza mutu. Kenako anati, "Za achimwene anu zija, ine ndinkatumidwa."

Mumtima ndinafunsa ngati tcheni cha njinga anachita kumusankhira. Thumba lija linali likadali pamiyendo pake.

"Inu simunanenepo," anapitiriza. "Awa akuti kalata, adalaivala akuti azungu. Inu mukuti anagwa chifukwa chiyani?"

Ndinaganiza zonena kuti sindidziwa za ndale, ndine mayi wogulitsa manachesi. Koma munthuyo anali atandiona kale ndili pansi pa tala, panalibenso chobisa. Ndinamuyankha.

"Chaka cha chilala chija tinkaphika mango osakhwima, wailesi ikunena kuti m'dziko muno mulibe njala. Titadya mangowo ankatitenga pa lole kukavina. Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, koma aliyense ankaganiza kuti akudziwa yekha. Tsiku lovotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndinapita ndi mayi anga m'mamawa, tikuopa kuti tikapezeka awiriwiri. Tinapeza mzera wazungulira sukulu mpaka kudambo. Anthu amene ndinkawaopa kuti ndi akazitape anali momwemo, akundiyang'ana ine ndi mantha omwewo. Anyamata anu anali ataima pansi pa mtengo. Ndinawayang'ana, ndipo kanali koyamba kuona kuti ndinu ochepa."

A Zembani anatsegula pakamwa, ndikuganiza kuti ankafuna kunena kuti mzerawo unayambira ku kalata, koma anatsekanso. Sajeni ankakanda tala ndi kamwala.

"Inenso tsiku limenelo ndinaima pansi pa mtengo," anatero. "Kwathu uko. Mayi anga anali pamzera."

A Amidu anabwera dzuwa litapendeka, atakwera thiraki ina, lamba ali m'khosi ngati mkanda. Anadabwa kuona bondo langa, ine ndinati ndinagwa. Sajeni ndiye anawagwirira sipanala. Titanyamuka palibe anayambanso nkhani ija. Ine ndinkayang'anabe thumba lija, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati munali mfuti kapena makasu.

Anatsika tisanafike ku Moatize, pamalo popanda nyumba, pamene kanjira ka ng'ombe kankalowa m'tchire. Ataponda pansi anasuzumiranso m'galimoto.

"Amayi, mukabwerera, pafupi ndi chigayo cha ku Kunenekude pali a Nachisale. Mukawauze kuti Godeni ali moyo."

Kanali koyamba kumva dzina lake lenileni. Anatseka chitseko, nalowa m'tchire akuponda mosamala pakati penipeni pa kanjirako.

Achimwene ndinawapeza m'kanyumba ka malata kuseri kwa njanji, ataonda moti ndinawazindikira ndi kutalika kokha. Tinalira. Nditawauza kuti tiyeni kwathu, zinthu zinasintha, anayamba atseka chitseko kenako n'kundifunsa monong'ona ngati n'zoona. Kuti avomere panatenga masiku. Za Sajeni ndinawauza titadutsa kale chipata cha Mwanza, tili pa mabenchi a chipatala cha pa Boma. Anamvetsera zonse, za kanjira, za mlambe, za uthenga. Anangovula malaya n'kundionetsa msana. Mizere ya tcheni inali ikadalipo.

Uthenga uja ndinakhala nawo mpaka mvula itayamba. Ndinkati sindipita, si ntchito yanga. Koma ndikaona mayi athu atakhala pakhonde akuwayang'ana achimwene akumwa phala, osaphethira, ndinkakumbuka zaka zonse zimene ankadzidzimuka ndi munthu aliyense wamtali wodutsa pamsewu. Tsiku lina ndinabwereka njinga.

A Nachisale ndinawapeza akupeta pakhomo, kamayi kakang'ono kosaona bwino. Ndinanena mawu aja monga anandiuzira, osawonjezera. Lichero linagwa. Anagwada pansi n'kundigwira mapazi, akufunsa ngati wanenepa, ngati ali ndi chofunda, ngati ananena tsiku lobwera. Anafunsanso kuti ndine mwana wa yani, ndimudziwa bwanji mwana wawo. Ndinati tinangokwera galimoto imodzi. Pochoka anandithirira nandolo m'mpango, ndipo nditakana anandimangira okha.

Kunyumba ndinaphika nandoloyo madzulo omwewo. Achimwene atamva kumene wachokera anakankhira mbale kumbali, nadya nsima ndi mchere wokha. Mayi athu anaiyang'ana mbaleyo kanthawi, kenako anaikokera kwa iwo.